Kuona Maso a Nkhono, Kuumba Maso a Chidole

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndinaumva koyamba kwa agogo aakazi, tsiku lomwe ndinabwera kuchokera kudambo ndikulira, ng'ombe yanga yadothi itathyoka miyendo chifukwa ndinaiyendetsa isanaume. Ndinkaganiza kuti ndikadzakula ndidzathana nazo za nkhonozi. Lero imvi zili mbuu, ndimakhala ku Nottingham, ndipo usiku mumandipeza nditawerama patebulo, galasi lokulitsa zinthu lili pamphuno, ndikulimbana ndi ndevu za kamsilikali kotalika mamilimita 28. Nkhono ija inawoloka nane nyanja.

Mumzinda muno ndimo muli likulu la Games Workshop, kampani yomwe inatulutsa masewera a Warhammer 40,000 mu 1987, choncho bambo wandevu kugula tizidole sizidabwitsa munthu. Mavuto amayamba ukafuna kuti kamsilikali kako kasiyane ndi ka mnzako. Umadula mutu n'kuikapo wina, umapinda mkono, umawonjezera chipewa. Podulapo pamatsala mpata, ndipo chotsekera mpatawo ndi epoxy putty. Imabwera m'zigawo ziwiri zofewa. Chilichonse pachokha chimangokhala phee miyezi yambiri, koma ukazikanda pamodzi zimayamba kuuma ndipo palibe ankhoswe amene angazilekanitsenso.

Funso loti putty yabwino ndi iti lili ngati kufunsa kumaliro kuti ndani adzalowe ufumu. Aliyense ali ndi wake, ndipo mawu amakwera msanga.

Ena amalumbirira Green Stuff, yomwe dzina lake lenileni ndi Kneadatite, yochokera ku America. Imaoneka ngati lamba, mbali ina yabuluu ina yachikasu, ndipo umakanda mpaka ibiriwire ngati masamba a nkhwani. Ukachulutsa yachikasu imafewa n'kumamata kwambiri, ukachulutsa yabuluu imalimbirapo. Pakati pomwe mitundu iwiriyo yagundana pamakhala patauma kale, ndiye pamafunika kudula n'kutaya, apo ayi mumatuluka timibulu ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika. Pa tsitsi, ubweya ndi mapindo a nsalu, imeneyi ndi katswiri. Koma ngakhale itauma imakhalabe yopindika pang'ono ngati labala, ndipo ukaipala ndi sandipepa imangonyotsoka. Ili ngati mlamu waulemu koma wamakani: amavomera zonse mukamakambirana, koma akatsimikiza maganizo simungamusinthenso.

Ena ndi a Milliput, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo imachokera ku Dolgellau, ku Wales. M'kabokosi mumakhala timitanda tiwiri tolemera magalamu 113 pamodzi. Pali yotuwira ya ntchito wamba, ndi yoyera yosalala kwambiri yomwe amaitcha Superfine. Imeneyi agogo akanaikonda, pakuti khalidwe lake ndi la dothi loumbira mbiya: ukanyowetsa chala imasalala bwinobwino. Pakatha maola 3 kapena 4 imauma gwa, ndipo ukhoza kuipala ndi tupa, kuiboola, kapena kuisema kuti lupanga likhale ndi msonga yakuthwa. Koma madzi ukawachulutsa umapeza waphika phala, ndipo nkhope ya msilikali imatsetsereka n'kukaima pachifuwa.

Palinso Magic Sculp ndi Apoxie Sculpt zomwe zimabwera m'timabigiri, zothandiza woumba zinthu zikuluzikulu, ndi ya Tamiya ya ku Japan, kampani yotchuka ndi tiasilikali ta sikelo ya 1:35, totalika pafupifupi masentimita 5. Ifenso a kumudzi tili ndi yathu yomwe tinakula tikuiona, Pratley ya ku South Africa, yomatira ndowa ndi mapaipi. Nayonso ndi epoxy, koma mtundu wake wouma msanga unapangidwira munthu amene madzi akumuthawa, osati wofuna kusinkhasinkha za kutalika kwa mphuno.

Apa ndi pomwe ine ndi mwambi uja tinayambana. Agogo anaiwala kunena kuti nkhono siuma. Ukhoza kuidikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, idzatulutsa maso ake ili yofewa ndithu. Putty ilibe chifundo chimenecho. Ukangoikanda uli ndi ola limodzi, mwina ndi theka lake pamwamba.

Tsiku lina ndinakanda chibuma chachikulu ngati dzira, mtima uli m'mwamba kuti lero ndimaliza gulu lonse la nkhondo. Foni inalira, anali amalume kumudzi. Inu mukudziwa kuti amalume sungawauze kuti, "Pepani, ndevu za chidole zikuuma." Tinapatsana moni, ndinafunsa za azakhali, za ana, za mbuzi, za mvula, kenako tinafika pamutu weniweni, womwe unali feteleza. Pomwe amati, "Chabwino mphwanga, tionana," dzira lija linali litasanduka mwala. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake tiasilikali ta anzanga ambiri timaima pamiyala yambirimbiri, ngati nkhondo zonse zimamenyedwera m'phiri la Mulanje. Ndi putty yotsala.

Nditaphunzira kufulumira, ndinagwa mbali inayo. Ndinaumba mwinjiro wokongola, mapindo ake ngati chitenje chouluzika ndi mphepo, ndipo chifukwa cha chisangalalo ndinatembenuza kamsilikali kaja kuti ndikonzenso mkono nthawi yomweyo. M'mawa mwake pamsana pake panali chidindo cha chala changa chachikulu, chooneka bwino kuposa chomwe ndinadinda polembetsa chiphaso. Kamsilikali kameneko kakadzapalamula mlandu, apolisi adzabwera kudzanyamula ine.

Ndiye ndazindikira kuti kudekha kwa ntchitoyi kuli ndi malo ake. Ukakanda Green Stuff, dikira mphindi 15 kapena 20 kuti kumata kuchepe. Kanda yochepa ngati njere ya chimanga, osati dzira. Ukamaumba mkono watsopano, yamba ndi fupa la waya, monga tinkapangira magalimoto a waya tili ana, uikepo mnofu woyamba, uume, kenako khungu, kenako malaya. Ukamaliza mbali imodzi, ika manja m'thumba mpaka mawa, chifukwa Green Stuff kuti iume kwathunthu imafuna pafupifupi maola 24. Amisiri ambiri amasakaniza Green Stuff ndi Milliput theka ndi theka, n'kupeza putty yomvera chala komanso yololera tupa. Paja mutu umodzi susenza denga.

Zida uzinyowetse ndi madzi kapena uzipake Vaseline pang'ono kuti zisamate. Malovu ayi, ngakhale lilime lili pafupi, chifukwa epoxy yosauma imayabwa khungu la anthu ena, ndipo m'manja musambe ndi sopo musanagwire nsima. Yotsala yosakanda imakhalitsa ikasungidwa mufiriji, malinga ngati m'nyumbamo mwagwirizana. Ine mayi a kunyumba anaipeza pambali pa nsomba n'kufunsa kuti, "Abambo, kodi chingamu chimenechi mwayamba kubisira ana?" Nditafotokoza mtengo wake, anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti pabanja pathu wodekha weniweni ndi ndani.

Choncho inu amene mwaima m'sitolo mukukanda mutu, yang'anani chomwe mukufuna kuumba. Ngati ndi tsitsi, nsalu ndi zikwama, tengani yobiriwira. Ngati ndi zitsulo, malupanga ndi mipata yofunika kupala, tengani youma gwa. Ngati ndi ndowa ikudontha, siyani zidole mukamate ndowayo musanakalipiridwe. Koma mtundu uliwonse umene mungagule, kudekha sikulembedwa pamndandanda wa zomwe zili m'bokosimo. Kumeneko mubwere nako nokha. Kamsilikali kanga kali patebulo pano ndi diso limodzi. Lachiwiri ndiumba mawa, foni nditazimitsa.