Ulemu kwa Fotokope, Mphunzitsi Wamkulu Wosavala Mkanjo

Pa mwambo womaliza maphunziro, otamandidwa amadziwika kale: mkulu wa yunivesite, aphunzitsi a mikanjo yaitali, ndi makolo amene anagulitsa fodya ku Furancungo kapena matumba a mbatatesi ku Tsangano kuti mwana aphunzire. Ulemuwo ndi wawo ndithu. Koma alipo wina amene anakhetsa thukuta kuposa onsewo, ndipo satchulidwa ngakhale m'pemphero lotsekera. Ndikunena fotokope, kapepala kotuwa kaja, kopindika m'makona, kamene mzere wake womaliza umakonda kutsalira m'makina. Mwana wa kumapiri a Tete sangalowe m'yunivesite, sangakhalemo, ndiponso sangatulukemo popanda chilolezo cha bwana ameneyu.

Tiyambire pakhomo. Wophunzira akamaliza kalasi 12 n'kukhoza mayeso olowera, amayesa kuti nzeru zake zamutsegulira chitseko. Wanama. Kaya wapita ku Universidade Zambeze, imene inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo nthambi yake ya zaulimi ili pafupi pomwepa ku Ulónguè, kaya watsikira kotentha ku Instituto Superior Politécnico de Tete ya mu 2005, kaya ku Universidade Púnguè imene inabadwa mu 2019 Universidade Pedagógica itagawidwa, pa zenera lolembetsera funso loyamba ndi limodzi: fotokope ya chitupa ili kuti, ya satifiketi ili kuti, nanga zadindidwa? Mnyamata angathe kuima pomwepo ndi mphuno zake, ndi dzina limene agogo ake anamutcha ku Chidzolomondo, koma munthu sanakhalepo kufikira chithunzi chakuda bii, chimene ngakhale mayi womubala sangachizindikire, chitavomereza kuti iyeyo ndi iye. Ndi mfumu iti ili ndi mphamvu zotere?

M'kalasi ndiye muli ufumu wake weniweni. Mabuku ambiri a maphunziro apamwamba a m'Chipwitikizi amasindikizidwa kutali, ku Lisboa kapena ku São Paulo, ndipo akamafika m'chigwa cha Zambezi mtengo wake umakhala utakwera kale phiri. Tsono mphunzitsi amasiya mutu umodzi kwa mtsogoleri wa kalasi, iye n'kuthamangira kwa mwini makina, ndipo pofika madzulo buku limodzi labereka ana odzaza chikwama. Apa fotokope imachita chimene andale akhala akulonjeza chilandirire ufulu mu 1975: mwana wa bwana wa m'tauni ndi mwana wa mlimi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amawerenga pepala limodzimodzi, lotuwa mofanana, lodulidwa mbali yomweyo. Ndipo tisanyoze kutuwako. Mayeso kuno amayezedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo m'masukulu ambiri wofika 14 pa ntchito za m'kalasi amakhululukidwa mayeso omaliza. Amenewo ndiwo akatswiri a kalasi. Anafikako bwanji? Taganizani mtsikana amene kwawo amalankhula Chinyanja, akuwerenga za dothi ndi feteleza m'Chipwitikizi, pa fotokope ya fotokope ya fotokope, pamene zilembo zina zafufutika ndipo chala cha mwini makina chajambulidwa pakati pa ndime. Liwu lililonse losowa ayenera kulipeza yekha ndi mutu wake. Buku loyera bwino limalera ulesi. Fotokope imaphunzitsa kafukufuku kuyambira sabata yoyamba.

Ena adzati fotokope ndi mbala, ikudya thukuta la olemba mabuku. Mlanduwu ndi waukulu, koma taonani ulemu wa woimbidwayo. Pofuna kupulumutsa kakobiri, tsamba loyamba lija, la dzina la wolemba ndi chaka, palibe amalijambula. Motero wolemba amapulumuka ku matemberero onse a usiku wa mayeso, pakuti palibe akumudziwa. Vuto limadzatulukira chaka chachinayi, wophunzira akulemba monografia yake, kafukufuku womalizira maphunziro, akuluakulu omuyesa n'kumufunsa kuti mfundo iyi waitenga kwa yani. Iye amayang'ana kudenga. Koma kodi si chilungamo chimenecho? Nzeru zimene munthu wazivutikira zaka zinayi osadziwa mwiniwake, pamapeto zimangokhala zake.

Achinyamata nawo adzati nthawi ya pepala inatha, masiku ano mutu wonse umabwera pa WhatsApp. Zoona, umabwera, bola foni ikhale ndi moto, mayunitsi akhalemo, netiweki isathawe. Chigawo cha Tete ndicho mwini Cahora Bassa, damu limene linamalizidwa mu 1974, koma magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo wophunzira akabwerera kumudzi pa tchuthi angathe kupeza kuti mawaya sanafike kwawo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fotokope sifuna chaja. Imawerengeka ndi koloboyi, imapirira kuzizira kwa ku Tsangano, imakupiza mphepo m'chipinda cha lendi cha ku Tete, ndipo ikatha ntchito imakulunga mandasi pamsika, ana n'kumakumana ndi sayansi asanayambe ndi sukulu yomwe. Foni yakufa ikulunge chiyani?

Otsiriza ndi aja oganiza mozama, amene amati kutamanda fotokope n'kuiwalitsa anthu kuti chofunika ndi malaibulale odzaza, mabuku okwanira ndi olemba athuathu. Amenewa sindilimbana nawo, ndingowapempha achepetse mawu. Chester Carlson anatulukira luso la fotokope ku New York mu 1938, kampani ya Xerox n'kutulutsa makina ake otchuka mu 1959, ndipo kuchokera pamenepo palibe wantchito wina wapulumutsa akuluakulu okonza bajeti ya maphunziro ku manyazi monga fotokope. Tsiku limene makina onse a ku Ulónguè ndi ku Tete adzafe limodzi, mashelefu adzawerengedwa poyera, ndipo ena adzasowa tulo.

Choncho inu okonza mwambo wa chaka chino, sungani mpando kutsogolo, pakati pa mkulu wa yunivesite ndi mlendo wolemekezeka, mukhazikepo mwini makina. Kalata yomuitana mumpatse yeniyeni, osati fotokope.