Wamisala anaona nkhondo, ife tili pamowa

Mwezi wa Okutobala kuno ku Malambo munthu sagona, amangotembenuka ngati nsomba pachiwaya. Usiku wina tili pamphasa panja, mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa alendo m'nkhalango ya South Luangwa, anatulutsa foni nati, "Amalume, tamverani izi. Wandipatsa ndi mlendo wa ku Germany." Ndinatchera khutu. Poyamba kunalira chinthu ngati chitseko chimene mahinjesi ake sanalawe mafuta chichokereni Kaunda pampando. Kenako mbuzi yokoledwa chingwe m'khosi. Kenako zii. Ndinafunsa ngati foniyo inagwera m'madzi.

"Iyayi amalume, ndi nyimbo. Munthu mmodzi ndi besi yake basi."

Mayi a kunyumba, osadzutsa ndi mutu womwe, anati, "Ameneyo abale ake alipo?"

Mnyamatayo anationetsa chithunzi. Besi yake si gitala imene achinyamata amakoleka paphewa kutchalitchi. Ndi chimthupi cha matabwa chotalika kuposa munthu, cha m'chiuno mopyapyala ndi matako otambalala, cha nsambo zinayi zonenepa. Ntchito yake m'gulu la jazi inkadziwika kalekale: kuima kumbuyo n'kumagunda dum dum dum kuti anzake asasochere. Wa besi ndi mzati wa nyumba. Alendo amayamikira denga ndi utoto, koma sindinamvepo mlendo akuti, "Koma mzati wanuwu ndi wokongola." Atsikana amathamangira woimba, ojambula amajambula wa lipenga, wa besi amatsala akufunafuna galimoto yoti chimthupi chija chikwanemo.

Ndiye kuyambira cha m'ma 1960 mizati ina inatopa n'kuyamba kuyankhula. Ena anayamba kukwecha nsambo ndi uta pamalo osayenera, ena kulowetsa timitengo pakati pa nsambo, ena kumenya thupi la besiyo ngati ng'oma. Mu 1968 Barre Phillips wa ku America analowa m'tchalitchi china ku London n'kujambula chimbale chonse ali yekha, popanda woimba, popanda ng'oma. Mayi wina wa ku France, Joëlle Léandre, amakwecha uku akuimba, akung'ung'udza, mwina kukalipa kumene. Nyimbo zake zambiri salemberatu; zimabadwa pomwepo n'kufera pomwepo.

Ndinaseka mpaka chifuwa kupweteka. Koma kuseka kutatha ndinakumbukira ambuye anga, amene ukanyoza munthu wosokonekera mutu ankakuloza ndi chikho n'kunena kuti wamisala anaona nkhondo. Ankafotokoza kuti mudzi wonse unali pamowa, ng'oma zili pakati, ndipo wamisala yekha ndiye anali kutchire akukambirana ndi mitengo. Anaona mikondo ikunyezimira, anathamanga kukanena, anthu n'kumuseka. Ine ndili mwana ndinkaganiza kuti wamisalayo anali ndi nzeru zobisika. Pano ndakula ndaona kuti panalibe nzeru iliyonse: anaona chifukwa pamowapo sanamuitane. Woima kumbuyo ndiye amaona khomo.

Ndipo nkhondo ina anaiona ndithu anthu a besiwa, nkhondo ya pakhomo pathu pompano. Mu Novembala 1971 Charlie Haden, amene ankaimba ndi Ornette Coleman, mwini wake wa jazi yosamanga malamba, anakwera pansanja ku Cascais, m'dziko la Portugal. Nthawi imeneyo Frelimo inali italowa kale m'chigawo cha Tete, anthu akuthawira kuno ku Zambia atasenza mitolo. Wa besi uja, munthu woti ntchito yake n'kukhala chete kumbuyo, anayandikira maikolofoni n'kulengeza kuti nyimbo yotsatira akuipereka kwa omenyera ufulu a ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau. Khamu linafuula, ndipo m'mawa mwake apolisi achinsinsi anamugwira pabwalo la ndege ku Lisbon. Anamutulutsa a ku ofesi ya kazembe wa America atalowererapo. Mu 1974 boma lomwe linamugwiralo linagwa, ndipo 1975 Mozambique inali pa ufulu. Sindikuti besi ndiyo inagwetsa boma. Ndikungoti pa oimba onse otchuka amene anakwera pansanja ija, pakamwa panatseguka pa wakumbuyo.

Winanso ndi Johnny Dyani, mwana wa ku East London, South Africa. Mu 1964 anatuluka m'dziko lake ndi gulu la Blue Notes, chifukwa mzungu Chris McGregor ndi anzake akuda kuimbira pamodzi kunali ngati mlandu. Atafika ku Ulaya anapeza azungu akuswa malamulo a nyimbo mwaulemu ngati akuswa mazira, iye n'kuwaonetsa kaswedwe ka mtsuko. Mu 1978 anajambula chimbale chokumbukira Steve Biko. Anamwalira ku Berlin mu 1986, asanaone kwawo kutamasuka. Mukamva besi ya munthu wotere ikubuula, musafulumire kufunsa za mahinjesi.

Koma apa ndiime kaye, chifukwa mwambiwu anthu amaugwiritsa ntchito mwachinyengo. Suti wamisala aliyense anaona nkhondo. Unati mmodzi. Ena onse anaona mitengo yomwe ija. Pa nyimbo khumi zimene mwana wa mlongo wanga anandimvetsera, ziwiri zinandigwira pamtima mosadziwika bwino, zitatu ndinapirira monga timapiririra ulaliki wa mlendo, ndipo zisanu zinali chitseko basi. Vuto ndi loti wamisala woona ndi wamisala wamba amakuwa mofanana, ndiye uyenera kumvera onse.

Amene anandithetsa mphamvu ndi Peter Kowald wa ku Wuppertal, yemwe uja tinamva poyamba. Bamboyu atazungulira dziko lonse ndi besi yake, mu 1994 analumbira kuti chaka chathunthu sapita kulikonse kumene njinga singafike. Anthu a luso anaombera m'manja, zinalembedwa, zinajambulidwa. Amalume anga a kwa Mnkhanya akhala akuchita zimenezi kwa zaka 40, ndipo njinga yake ilibe mabuleki. Palibe anabwera ndi kamera.

Ndi pamenepa pamandiwawa mokoma. Zimene ku Berlin amalipira tikiti kuti aone, ife timazithamangitsa pamsika. Babatoni, besi ya chikopa cha ng'ombe ndi mtengo wautali imene inanyamula kalindula asanabwere magitala amagetsi, ndi chiyani ngati si kuyesa zosayesedwa? Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anatenga mtengo wa mamita ngati atatu, waya wa m'tayala ndi chikopa, n'kumaimba ndi kamtengo dzanja lino, botolo lopanda kanthu dzanja linalo. Mzungu akayendetsa botolo pansambo amati wapeza njira yatsopano. Ife tikaona botolo timafunsa kuti wamwa angati. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anakhala zaka akugunda babatoni wake m'misewu ya Lilongwe anthu akumulambalala, mpaka mu 2017 anakaimba ku Zanzibar, kenako ku Ulaya. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndi besi yawo ya bokosi ndi chingwe chimodzi, anachita kulembedwa m'mabuku ndi Gerhard Kubik wa ku Austria kuti ena a ife tikhulupirire kuti zinali nzeru. Wamisala wathu amachira tsiku limene wapatsidwa viza.

Komanso kunena zoona, munthu wa m'chigwa chino alibe chifukwa chodabwira besi. Timagona nayo. Mvuu za mu Luangwa zimayamba imodzi, ina n'kuyankha kutsidya, ina kudula pakati, popanda wotsogolera, popanda kudziwa pothera. Mbandakucha nang'omba amalandira. Mwana wa mlongo wanga, amene anawerenga za nyama kuti apeze laisensi, akuti nsambo yonenepa kwambiri ya besi imanjenjemera ka 41 pasekondi, khutu la munthu limalekera cha pa 20, ndipo njovu zimayankhulana pansi pa pamenepo, mawu oyenda makilomita angapo ife osamva kanthu. Ndiye kuti oimba a ku Ulaya aja akukumba chitsime chimene njovu zinafika kale pansi pake.

M'mudzi mwathu tili naye wathu. Ndi mnyamata wamkulu ndithu, wosakwatira, amene anapanga babatoni ndi theka la diramu ndi waya wa buleki ya njinga yamoto. Kalindula saimba. Akuti akufufuza mawu. Amafufuza usiku, chifukwa masana waya amatentha. Anthu anakadandaula kwa anduna, anduna anamuitana, iye anapita ndi chida chake kukapereka umboni, ndipo mlandu unatha mofulumira chifukwa akuluakulu onse anakumbukira kuti ali ndi zochita.

Mango atayamba kupsa chaka chatha, usiku wina cha m'ma 2 koloko waya uja analira mwachilendo, mothamanga, diramu ikugundidwa ndi chigongono, mwini wake akukuwa. Ine ndinatukwana chamumtima n'kudziphimba chitenje kumutu. Aphiri oyandikana nafe anatsegula zenera n'kufuula kuti, "Iwe, anthu tikugona!" Kutacha tinapeza mitengo itatu ya mango yathyoledwa, nkhokwe ya Aphiri ili chagada, ndowe zikufuka nthunzi pabwalo.

Mpaka lero mudzi ndi wogawanika. Ena akuti mnyamatayo anaona njovu n'kuyesa kutidzutsa. Aphiri akuti ayi, anaziitana ndi iyeyo, chifukwa kwa miyezi isanu wakhala akuyankhula chinenero chawo osadziwa chimene akunena, ndipo mwina anazilonjeza chimanga. Mwini wake tikamufunsa amangoti usiku umenewo ndi umene anaimba bwino kuposa masiku onse, ndipo akudandaula kuti palibe anajambula.