Landilodi Akalowa M'nyumba Yake Yomwe

M'makomboni a Blantyre, monga Ndirande, Zingwangwa ndi Machinjiri, kusandutsa nyumba ya lendi kukhala yogonamo mwini wake kumayamba ndi notisi, imene ndi kalata youza wochita lendi kuti asamuke chifukwa eni ake akufuna kukhalamo okha, ngakhale kuti kawirikawiri wodzalowamo amakhala munthu wina wa thumba lonenepa. Mlembi wa danga lino ndi mmodzi mwa ochepa amene mawuwo anawakwaniritsadi, pakuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, landilodi wake ku Chilomoni anamupatsa notisi yotere, ndipo iye anangosinthapo dzina n'kukaipereka kwa amene ankachita lendi m'kanyumba kake ku Bangwe.

Malinga ndi lamulo, ndalama ya lendi iyenera kuululidwa ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene likulu lake, Msonkho House, lili mumzinda womwewu, ndipo zimene mwini wawononga pokonza nyumbayo, monga kumata malata odontha, zimayamba zachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Mwini akalowamo yekha, lendi imaima, msonkho wake umaima, nawonso mwayi wochotsera uja umathera pomwepo, kupatula denga, limene limapitiriza kudontha, koma tsopano pabedi la mwini nyumba. Mlembiyu anayenda monyang'wa kuti wamasuka ku msonkho, kufikira pamene mayi a kunyumba anamufunsa mwaulemu kuti ndi chaka chiti chimene iwo bambo anaulipirapo.

Komabe ma city rates, amene ndi msonkho wa khonsolo pa nyumba zimene zili m'kaundula wake, salabadira kuti wagonamo ndani.

Chitonthozo chenicheni chili pa msonkho wa phindu logulitsa katundu, chifukwa lamulo siliwerengera phindu limene munthu wapeza pogulitsa nyumba imene ndiyo kwawo kwenikweni, ndipo mfundo imeneyi mlembiyu amaifotokoza mokweza mawu pabawo, ngakhale kuti kanyumbako palibe anakafunsapo mtengo. Chimene lamulo silinatchule ndi msonkho wa achibale, umene umayamba kugwira ntchito mbiri ikangofika kumudzi kuti malume salipiranso lendi. Pakali pano m'chipinda chimene chinkabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi mukugona adzukulu amene anabwera kudzafuna ntchito ku Limbe, ndipo notisi imene mlembiyu anawalembera anaiwerenga mokweza pa chakudya chamadzulo, n'kumukonzera sipelo.