Ku Florida ng'ona zikuona zakuda

Ku Florida, m'dziko la America, kuli ng'ona zija amati alligator zoposa 1 miliyoni. Paliponse pali madzi zilipo: m'madambo, m'ngalande, m'mabwalo a gofu, mwinanso m'dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba. Boma limachenjeza kuti kuzipatsa chakudya ndi mlandu, kusambira usiku ayi, galu asamayende m'mphepete mwa madzi. Koma eni dziko makutu ali kwina.

Mu 2020 ku Estero, ng'ona yaing'ono inambwandira kagalu ka agogo ena a zaka 74. Agogowo anadziponya m'madzi, n'kuikanula kukamwa ndi manja, kagalu n'kupulumuka. Oonera kanema wake sanagome ndi mphamvu ayi. Anagoma kuti nkhondo yonseyo, chindudu cha fodya chinali chikhalire pakamwa pa agogo. Galu ndi wofunika, inde, koma fodya ngogula.

Chaka chotsatira ku Orange County, bambo wina anapeza ng'ona pabwalo. Nambala yoimbira akatswiri ogwira ng'ona ilipo, koma iye, atavala masokosi ndi masilipasi, anagoneka bini ya zinyalala, n'kumaisendeza pang'onopang'ono mpaka mlendoyo analowa. Chivindikiro phwa! Ulendo wa kudziwe. Akuluakulu a deralo anachita kukumbutsa anthu kuti ng'ona si zinyalala zoponya m'bini.

Katswiri wa onse ndi mnyamata wa mu 2015. Anatola kang'ona m'mbali mwa msewu, nayendetsa galimoto mpaka pa lesitilanti ya Wendy's. Atalandira chakumwa chake pazenera, anaponya kang'onako mkati. Apolisi anamutsegulira mlandu woopseza anthu ndi chida choopsa. Chidacho, poti chinali ndi mchira ndiponso chinalibe mlandu, anakachisiya m'ngalande.

Ena amati ng'ona ikakuthamangitsa uzithawa mokhotakhota. Bodza limenelo. Pamtunda ng'ona imatopa msanga, ndiye liwiro la mtondo wadooka, molunjika, ndilo mankhwala. Zokhotakhota tisiyire a Gule Wamkulu.

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje, izi mungowerenga n'kuseka basi. Ng'ona ya mu Shire ndi mtundu wina, wolusa kwambiri, ndipo zamasewera siidziwa. Mukaitengera bini, idya inu, bini n'kuisunga kuti iziikamo masilipasi.