Kagulidwe ka Rauta Kotayitsa Ndalama ndi Zala

Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, soya naye atatuluka m'minda, akalipentala a ku Mponela, Madisi, Mvera ndi pa boma la Ntchisi amadzaziridwa ndi maoda a zitseko, makabati ndi mabedi. Ogula a masiku ano safunanso chitseko chongopala. Akufuna cha mizere ndi m'mphepete mokhotakhota ngati zomwe amaziona ku Lilongwe. Mpake mmisiri kulakalaka rauta yomangirira pansi pa tebulo, yoti thabwa lizingodutsa pamwamba. Ndi chida chabwino ndipo ndimafunira shedi iliyonse itakhala nacho. Koma chili ndi kagulidwe kake kolakwika, ndipo ndikuyala pano mwatsatanetsatane kuti amene wayamba kale njirayi aizindikire ndalama zisanachoke m'thumba.

Yambani ndi kusaganizira za magetsi. Tumani m'bale wa kunja akutumizireni makina, kapena tolani yakale pamsika osawerenga kachitsulo kolembedwa pambali pake. Magetsi a ESCOM ndi a mavoliti 230, pamene zida zopangidwira ku America ndi za 120. Rauta ya ku America mukailumikiza kukhoma imalira mwaukali kanthawi kochepa, kenako fungo la waya wopsa. Za ku Joni mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, kungoti pulagi yake ndi ya mano obulungira. Wofuna kulakwitsa amadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, m'shedi yodzaza utuchi wouma.

Ngati kwanuko nthambo za MAREP sizinafike, gulani rauta ya mawati 2,000 muzidalira kajenereta kakang'ono ka pa malo ometera tsitsi, kosafika n'komwe mawati 1,000. Mota yaikulu imakoka mphamvu yochuluka pa nthawi yoyamba kuzungulira, choncho kajenereta kadzatsamwa n'kuzima. Onjezerani chingwe chopyapyala cha wailesi, chotalika kuchokera kwa aneba. Mphamvu idzathera m'njira, chingwe chidzatentha, mota nayo idzatentha.

Apa pali nkhani imene ndimaiopa kuposa zonse. Rauta ikakhala pansi pa tebulo, switchi yake imakhala kobisika, ndiye ambiri amaimanga ndi mphira kuti ikhale yoyatsa nthawi zonse, n'kumazimitsira kukhoma. Chitani chimodzimodzi, ndipo musawononge ndalama pa switchi ija ya batani lofiira ndi lobiriwira, imene imadzimasula yokha magetsi akathima. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ndipo kuthimathima sikunatheretu. Magetsi akazima pakati pa ntchito, m'shedi mumati zii. Mmisiri amaiwala kuti makina ngoyatsa. Amati ndipezerepo mwayi wosintha mpeni, kapena mwana wophunzira ntchito amayamba kuchotsa utuchi ndi dzanja. Magetsi sagogoda pobwera. Mpeni wozungulira maulendo opitirira 20,000 pa mphindi imodzi supatsa munthu mpata wobweza chala. Kalipentala amadyera manja ake, ndipo ana ake amadyera manja omwewo.

Kenako sankhani makina potengera mtengo wokha. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zochokera kunja zidakwera mosaneneka, ndipo palibe angadzudzule munthu wofuna zotchipa. Kulakwitsa kwake n'kugula karauta kogwira ndi dzanja limodzi, ka mawati 500 kapena 700, n'kukapatsa ntchito ya zitseko za mlombwa ndi mbawa. Kanapangidwira kusalaza m'mphepete mwa mashelefu ndi timizere tating'ono. Pa paini wa ku Chikangawa kadzayesetsa. Pa mtengo wolimba kadzawotcha thabwa n'kusiya mabala akuda, ndipo sikadzafika nyengo ya fodya yotsatira. Dzina lolembedwa pa katoni nalo mulikhulupirire osayang'ana mkati. Makita ndi Bosch ndi mayina odziwika, n'chifukwa chake opanga zachinyengo amakonda kuwamata pa zinthu zawo.

Musafunsenso za kakamwa kogwira mpeni. Mipeni ya rauta ili ndi misinkhu iwiri yosagwirizana: ina imayezedwa m'mamilimita, 6, 8 ndi 12, ina m'mainchi, kota ndi theka. Kota inchi ndi mamilimita 6.35, theka ndi 12.7. Ndi maso simungasiyanitse. Gulani makina ku Area 2, mipeni muitanitse ku Joni, mukaone kunyumba. Mpeni wa 12 m'kakamwa ka theka la inchi umalowa bwinobwino koma sugwira. Mudzamanga ndi sipanala mpaka thukuta, ena amakulungako kachitini, koma thabwa likangoukhudza umasefukira m'mwamba n'kuwononga chitseko cha mwini, apo ayi umathawiratu. Safunsa adadya phula. Komabe wotsata njira yathuyi asapite kwa mmisiri mnzake amene ali nayo kale, asafunsenso aphunzitsi a ukalipentala ku Namitete kapena ku Lilongwe Technical College.

Sankhani rauta yopanda kagudumu kochepetsera liwiro. Mpeni waung'ono umafuna liwiro lalikulu, koma uja wotambalala wosemera mapanelo a zitseko, wa mamilimita 75 kapena kuposa, uyenera kuyenda cha m'ma 10,000 mpaka 12,000 pa mphindi. Ukazungulira mowirikiza pamenepo tebulo lonse limanjenjemera. Za makhaboni ndi mabeyaringi musafunse ngati amapezeka m'mahadiweya. Mudzafunsa atatha, mutakwera kale minibasi kuchokera ku Malomo, makina ali pamiyendo, kuyendayenda mu Malangalanga osapeza olingana nawo.

Tebulo mudzikhomere nokha, zimenezo n'zoyenera kwa mmisiri. Kuti lilakwike, likhomeni ndi bulugamu wauwisi wocheka sabata yatha. Pofika mwezi wa Okutobala lidzakhala litapindika pakati, ndipo mzere uliwonse udzatuluka wozama kuno, wosaya uko. Mpanda wotsamiritsa thabwa muugwiritse ndi misomali iwiri. Chotchinga pamwamba pa mpeni musaike, ndodo yokankhira musaseme, timatabwa tating'ono muzikankha ndi zala. Pa tebulo thabwa limayenera kuyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, molimbana ndi mpeni. Mukalilowetsa kuchokera kumanzere, kapena pakati pa mpeni ndi mpanda, mpeni umalilanda n'kuliponya, ndipo dzanja limatsatira komweko. Kuya konse kwa mzere mukusemenso kamodzin'kamodzi m'malo mozamitsa pang'onopang'ono maulendo angapo.

Maso, makutu ndi mphuno muzisiye pamtunda. Phokoso la rauta silipweteka tsiku loyamba, limadya makutu mwakachetechete kwa zaka. Fumbi la mitengo yolimba ndi la matabwa a MDF limakhazikika m'chifuwa, makamaka m'shedi yopanda mazenera.

Chotsiriza n'kugula musanawerenge ntchito imene mumalandira. Ngati maoda anu ambiri ndi madesiki a sukulu, mabenchi a tchalitchi ndi mafelemu, ndalama ya rauta yaikulu ikanagula macheka abwino, makalampu ndi matabwa ouma, ndipo zitseko ziwiri zitatu za mizere mukanakasemetsa kwa mnzanu wa makina pa Mponela. Amene maoda ake a zitseko ndi ochulukadi apite kusitolo atanyamula mpeni umodzi wa msinkhu umene amaupeza mosavuta, aulowetse m'makina pamaso pa wogulitsa, awayatse, afunse makhaboni apadera ndi lisiti, ndipo switchi yodzimasula yokha aiwerengere pa mtengo wa makinawo.