Kusintha Ball Joint Pakhomo ndi Amuna Odziyesa Amakaniko

Ball joint ndi kachitsulo kamene kamalumikiza wilo lakutsogolo ndi mkono wachitsulo umene amakaniko amautcha wishbone, ndipo kapangidwe kake n'kofanana ndi fupa la m'chiuno mwa munthu, pakuti mutu wake wobulungira umakhala m'kachikho kodzaza girizi, mmene umazungulira momasuka pamene wilo likukwera, kutsika kapena kukhota. Pikapu zambiri za m'misewu yathu, monga Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Toyota Hilux, zimakhala ndi tizitsulo totere tinayi, tiwiri kuwilo lililonse lakutsogolo, kena pamwamba kena pansi. Hilux inayamba kupangidwa m'chaka cha 1968, ndipo ngakhale ya mlembi wa danga lino si ya m'gulu loyambalo, anansi ake sanasiyebe kukayikira.

Chimene chimapha ball joint ndi kung'ambika kwa kathumba ka labala kamene kamasunga girizi, chifukwa kakangong'ambika, fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimalowa n'kuyamba kupera chitsulo, maenje a mumsewu n'kumalizitsa ntchito. Chizindikiro choyamba ndi kugogoda kumene kumamveka galimoto ikaponda bampu, ndipo mankhwala amene mwini galimoto amayamba nawo ndi kukweza wailesi. Kenako tayala limadyeka mbali imodzi, chiwongolero chimayamba kusankha chokha kolowera, mpaka wapolisi wapamsewu amasendera pafupi kuti anunkhize m'kamwa mwa munthu amene chiyambire m'mawa wangomwa tiyi. Kuyeza kwake n'kosavuta, pakuti munthu amanyamula wilo ndi jeke, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza, ndipo likamagwedera ndiye kuti china chake chatha. Amene amanyozera zonsezi ndi aja timawaona m'mbali mwa msewu wa M1, wilo litapindikira kunsi kwa galimoto, iwo ali kalikiliki kuthyola nthambi zochenjezera anzawo.

Ganizo lokonza yekha limamufikira mwini pikapu pamene zinthu ziwiri zakumana, kuyandikira kwa tsiku lokatenga COF, chimene ndi chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi mtengo umene makaniko watchula. Pamenepo amatsegula YouTube n'kuonera mzungu wa ku America akusintha ball joint m'galaja yowala, mmene nati iliyonse imamasuka ikangoona sipanala, ndipo poti kanemayo ndi wamfupi, mwamunayo amalengeza pakhomo kuti nsima ya masana ikamapsa ntchito ikhala itatha. Kumsika wa masipeya wogulitsa amamufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, mukufuna orijino kapena inayo?" ndipo popeza makatoni ake ndi ofanana, mlembi, amene ndi munthu wosamala chuma, amasankha inayo.

Dongosolo la ntchito limafuna kuti manati a wilo amasulidwe pang'ono galimoto ikadali pansi, mfundo imene ambiri amaizindikira atakweza kale jeke, wilo likungozungulira limodzi ndi sipanala. Mawilo akumbuyo amatsekedwa ndi miyala, ndipo galimoto imakhazikidwa pa miyendo yachitsulo yopangidwira ntchitoyi, osati pa jeke yekha kapena pa njerwa, pakuti jeke amaterereka ndipo njerwa imafumbutuka osatsanzika. Chitsulo chogwira buleki chikachotsedwa chimakolekedwa ndi waya kuti chisalendewere pa paipi yake ya labala, ndipo mkono wapansi umachirikizidwa ndi jeke, chifukwa sipuling'i, kapena ndodo yopotoka yotchedwa torsion bar, imasunga mphamvu yokwanira kuthyola dzanja. Pambuyo pake amasolola kapini kopindika kamene kamaletsa nati kumasuka, n'kumasula natiyo, ndipo apa ndi pamene chimwemwe chimathera.

Tsinde la ball joint ndi losongoka pang'ono, ndipo limalowa m'bowo losongokanso chimodzimodzi, mwakuti likakhalamo zaka zambiri pamodzi ndi dzimbiri, silituluka ngakhale nati itachoka. Odziwa amagwiritsa ntchito chida chokanulira, kapena amamenya ndi hamala m'mbali mwa chitsulo chimene chagwira tsindelo kuti kunjenjemerako kulimasule. Mlembi, amene kanema uja anamuonera theka, amamenya pamutu penipeni pa mazinga mpaka paphwanyika, ndipo nkhonya imodzi mwa zingapo imatera pa chala chachikulu, chimene chimayamba chayera, kenako n'kufiira, pomaliza n'kuda bii. Mawu amene amatuluka panthawiyo sangalembedwe m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana, makamaka poti wowanenayo ndi msungichuma wa kwaya.

Kulira kwa hamala kumaitana alangizi, amene ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la amene sanakhalepo ndi galimoto koma ali ndi mlamu wawo dalaivala ku Johannesburg, ndipo awa amalangiza kuthirapo palafini. Lachiwiri ndi la amene amafika ntchito ili pakati n'kufunsa chifukwa chimene sinayambire mbali inayo. Lachitatu, lomwe ndi loopsa koposa, ndi la okhala chete, amene amangopukusa mutu, n'kuseka chamumtima, n'kudikira nsima. Mwana wotumidwa kukatenga sipanala 19 amabwera ndi pulayala, ndipo mayi wapakhomo amaima pakhonde n'kufunsa modekha kuti, "Abambo, kodi matumba aja apita bwanji kuchigayo?" funso limene buku lililonse la zamakaniko silinayankhepo.

Tsinde likamasuka, dzuwa litapendeka, pamatulukira mfundo ina ya maphunzirowa, yakuti ma ball joint ena amamangidwa ndi mabawuti pamene ena amakanikizidwira mumkono ndi makina amphamvu otchedwa press, amene sapezeka pakhomo pa munthu wamba. Ndi nthawi yomweyonso pamene zimadziwika kuti sipeya yogulidwa ija ndi ya pikapu ya chaka china, zimene zikanapewedwa mwini wake akanamvera wogulitsa pamene ankati abwere ndi yakaleyo ngati chitsanzo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanafotokoze kuti wodyayo amayenera kukwera kabaza atanyamula wishbone pamiyendo, anthu a m'dera lonse akumupatsa moni.

Mapeto ake makaniko yemwe uja amafika pakhomo, n'kugwada, n'kuyang'anitsitsa mazinga ophwanyika, n'kufunsa kuti, "Bwana, anagwira apa ndani?" ndipo yankho lovomerezeka pakati pa amuna onse a mtundu uwu ndi lakuti anali mnyamata wina wake. Makaniko amamunyoza mnyamatayo mokwanira, mlembi akuvomereza ndi mutu chala chili m'thumba, kenako amatchula mtengo woposa woyamba uja, popeza tsopano akukonza zinthu ziwiri, zimene unawononga msewu ndi zimene anawononga mnyamata.

Zonsezi sizikutanthauza kuti ntchitoyi singachitike pakhomo, pakuti amene ali ndi zida zoyenera ndi mtima wofatsa amaitha bwinobwino. Wofuna kuyesa asinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, amange manati pa mlingo umene opanga galimoto analamula, aike kapini katsopano osati msomali wa denga, ndipo akamaliza apite kukawongoletsa mawilo, zimene amati wheel alignment, apo ayi matayala adyeka asanabweze ndalama zake. Koma yense amene chuma chake cha zida ndi hamala, pulayala ndi kanema wa pafoni alipire makaniko pa mtengo woyamba, chifukwa wachiwiri sutsika.