Wadya Memore Ndani?

Kompyuta ya mu ofesi ikangoyamba kukwawa, aliyense amasanduka dokotala. Mayi a ku akaunti amati ndi vairasi. Mesenjala amati yatenthedwa, n'kuyamba kuikupiza ndi fayilo. Bwana sachulutsa gaga m'diwa, amangofufuta zithunzi za ukwati wa mlamu wawo n'kudikira chozizwitsa. Zithunzizo zinali phee pa disiki, sizinkadya RAM, koma ndani angawauze zimenezo malipiro asanatuluke?

Ndiye amaitana mnyamata wa IT, amene amachedwa dala kuti aoneke wotanganidwa. Amadina Ctrl, Shift ndi Esc, Task Manager n'kutseguka, ofesi yonse n'kuunjikana kumbuyo kwake.

"Achimwene, tiuzeni, wakuba ndani?"

Pamwamba pa mndandanda pali Chrome, ndipo akuoneka kambirimbiri poti amamwaza ntchito zake m'maprosesi ambiri. Aliyense maso kudenga. Matabu a mpira, a magalimoto a ku Japan, a miseche ya pa Facebook, onse lero ndi amasiye.

Nkhani imakoma akafika pa seva ya Linux ya kuseri kwa kabati. Mnyamata akalemba top, bwana amaona pulogalamu imodzi ili ndi 20 GB pansi pa VIRT, chonsecho makinawo ndi a 8 GB.

"Itanani odita!"

"Pepani bwana, VIRT ndi malo amene pulogalamu yangolembetsa, ambiri sinawakhudze n'komwe. Onani RES, zimenezo ndiye zilidi mu RAM."

Bwana amatulutsa kakyuleta, kuwonkhetsa RES ya maprosesi onse, ndipo yankho likupitirirabe 8 GB. Apa mnyamata thukuta kamukamu. Vuto n'lakuti malaibulale amene mapulogalamu amagawana amawerengedwa athunthu kwa aliyense, ngati anthu asanu apisa m'mbale imodzi ya ndiwo, aliyense n'kulembedwa kuti wamaliza mbale yonse. Chiwerengero chachilungamo ndi PSS, chopezeka mu fayilo ya smaps pansi pa /proc, chimene chimagawa mbaleyo pasanu.

"Nanga free yatsala pang'ono chonchi bwanji?"

"Linux sikonda memore yongokhala, bwana. Imasungamo cache, n'kuibweza ikafunika. Muziona pa available."

Bwana amagwedeza mutu mwaulemu wonse. "Ndamva bwino kwambiri. Ndiye tigule memore khadi ya bwanji?"

Mnyamata sayankha. Amazimitsa kompyuta, kuiyatsanso, zonse n'kuyamba kuthamanga, ndipo amalandira Fanta wozizira ndi dzina loti injiniya. M'lipoti la pamwezi amalemba kuti vuto linali netiweki.